Batire Lasiya Kukwera Njinga

Pa katundu yense amene anakwerapo njinga m'chigwa cha Phalombe, palibe amene ankapatsidwa ulemu woposa wa batire la galimoto. Mbuzi ankaimanga miyendo n'kuigoneka pakaliyala, ilire isalire. Thumba la nandolo ankalikhalira. Apongozi amene ankangouzidwa kuti agwiritse chishalo. Koma batire ankaliyalira chiguduli, kulikulunga ndi malegeni uku ndi uku, ndipo wopalasa akafika pamchenga kapena pa mlatho wa mitengo ankatsika n'kumakankha, kuopa kuti madzi a m'kati mwake angakhavuke. Akakhavuka, umboni unkaoneka patapita masiku awiri: timabowo tambirimbiri kumbuyo kwa buluku, pamalo pomwe munthu sangathe kubisa. Amene anakulira ku Mpasa, ku Chitekesa kapena ku Nambazo akuwadziwa mabuluku amenewo. Ena tinapita nawo kutchalitchi.

Batire limene ndikulikumbuka bwino linali la malume anga, eni vidiyo sho ya mpanda wa mphasa ndi denga la udzu pa kamsika ka kwathu. Ulendo wake unali wa ku Migowi, kumene kunali magetsi ndi munthu wotchaja. Unkalisiya lero n'kukalitenga mawa madzulo. Magetsi akakhala kuti anazima ku Migowiko, batire linkabwerera mmene linapitira, wopalasa ali thukuta kamukamu. Malume ankalilawa ndi kawaya: ankagunditsa nsonga ziwiri zija, moto ukangothetheka pang'ono iwo ankapukusa mutu n'kulowa m'nyumba osalankhula.

Ngakhale litakhuta, chisangalalo chake sichinkafika kumapeto kwa mpira. Chigawo choyamba chithunzi chinkadzaza kanema yense. Chigawo chachiwiri chinkayamba kufota, mdima ukulowa m'mbali, osewera akufupika, mpaka bwalo lonse n'kutsala kachigamba pakati. Kenako phethi! Anthu odzaza chisakasa ali mumdima, aliyense akufuna ndalama yake, wina akulumbira kuti anaona mpira ukulowa m'golo kanema asanazime. Malume anaphunzira kukhala pafupi ndi khomo.

Kunyumba nkhani inali ya miyala ya tochi ndi ya wailesi. Ikatha sitinkaitaya. Tinkaiyanika padzuwa, ena ankaiphwanyako pang'ono ndi mwala, kenako tinkailumikiza yambiri m'chikulunga cha nyuzipepala kuti agogo amveko mauthenga a maliro. Musaganize kuti ndikunena za makedzana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse lino nyumba zoposa theka zinkaunikira ndi tochi za mabatire, ndipo zoyatsa magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, zambiri mwa izo za m'tauni. M'boma la Phalombe, la anthu oposa 400,000, mawaya ankangotsata msewu ndi misika ikuluikulu. Ukapatuka pang'ono, koloboyi ndiye anali mfumu.

Malume atatopa ndi njinga anagula kajenereta kofiira, kaja kosakaniza petulo ndi oyilo. Phokoso lake linkaposa la wofotokoza mpira, utsi unkalowa m'maso, ndipo chingwe cholizira chinkasankha tsiku la mpira waukulu kuti chiduke. Kenako kunabwera zaka za 2011 ndi 2012, pamene mafuta anasowa dziko lonse, magalimoto n'kumagona pamzere. Petulo wa m'zigubu ankapezeka, koma mtengo wake unkadya phindu lonse la pakhomo. Batire linakweranso njinga.

Chopweteka n'chakuti dzuwa tinali nalo, ndipo tili nalobe lochita kutayika. Imani pakati pa chigwa mwezi wa Okutobala, Michesi ali uko, Mulanje ali uko, mphepo yotentha ikuchokera ku nyanja ya Chilwa, mudzamva pamsana panu kuti kumwambaku kuli mphamvu zosaneneka. Mapanelo a sola atayamba kupezeka m'misika anthu anawagula ndi ndalama za fodya ndi mpendadzuwa, n'kuwakoleka padenga. Masana zonse zinkayenda. Koma ndani amafuna getsi masana? Mpira ndi wa madzulo, ana amawerenga madzulo, mayi wapakati sasankha ola. Mphamvu ya masana inkayenera kusungidwa, ndipo chosungiramo chinali batire lomwe lija la mtovu ndi asidi, limene ukamalikama kupitirira theka tsiku ndi tsiku limafa msanga. Kuseri kwa nyumba zambiri kunali mulu wa mabatire akufa, nkhuku zikuswerana pambali pake.

Nzeru yosunga si yachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1970 makolo athu anakumba ngalande ndi makasu awo, n'kuyala mapaipi otenga madzi m'mitsinje ya phiri la Mulanje kupita nawo m'midzi ya m'chigwa, popanda injini iliyonse. Kamtsinje ka m'phiri kamapereka madzi ofanana usana ndi usiku, koma amayi onse amafika pampopi nthawi imodzi, m'mamawa ndi madzulo. Chimene chinkapulumutsa ntchito yonseyo ndi mathanki a simenti omangidwa pamtunda. Usiku, mipopi ili chitsekere, thanki inkadzaza. Kukacha inkatulutsa madzi ochuluka kuposa amene kamtsinje kakanapereka pa ola limenelo. Magetsi a dziko lino anakhala zaka zoposa 50 opanda thanki yotere. Opangidwa sekondi ino ankayenera kugwiritsidwa ntchito sekondi yomweyino.

Chosungira chokha chinali nyanja ya Malawi. Kuyambira 1966, pamene makina a ku Nkula anayamba kuzungulira, magetsi ambiri a dziko lino akhala akuchokera mumtsinje umodzi wa Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira, motsatizana. Nyanja ikatsika, onse atatu amafooka pamodzi. Ndi zimene zinachitika mu 2016 ndi 2017, pamene achibale athu a ku Ndirande ndi ku Chilomoni, amene ankatiseka ife a koloboyi, anayamba kufunsa mtengo wa makandulo. Kampani ya EGENCO inabadwa mu 2017, italekanitsidwa ndi ESCOM, n'kufikira pa mtsinje wopanda madzi okwanira. Mu 2018 dziko linachita zomwe anachita malume: linathamangira jenereta. Linachita lendi majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, n'kumalipira ndalama zankhaninkhani mpaka mgwirizanowo unatha mu 2022.

Ndiye mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana. Madzi amene tinkawalirira zaka zija anabwera onse nthawi imodzi n'kugumula damu la ku Kapichira. Mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ochokera m'madzi, anachoka pamawaya, ndipo sanabwerere mpaka 2023.

Chaka chamdima chomwecho cha 2022, ku Golomoti m'boma la Dedza, kumunsi kwa mapiri kumene msewu wa Khwekhwerere umatsikira, kunayatsidwa chinthu chimene ambiri sitinachimvetse poyamba. Kampani ya JCM Power ya ku Canada, pamodzi ndi InfraCo Africa, inayala munda wa mapanelo wopereka mamegawati 20. Zimenezo zokha sizinali nkhani, popeza mu 2021 eni ake omwewo anali atatsegula kale munda wa mamegawati 60 ku Salima. Nkhani inali m'makontena oimikidwa pambali pa mundawo. M'kati mwake munali mabatire a lithium, mashelefu okhaokha, otha kutulutsa mamegawati 5 kwa maola awiri. Kwa ife ogula magetsi pafoni, amenewo ndi mayunitsi 10,000 osungidwa pamalo amodzi. Linali batire loyamba la kukula kotere kulumikizidwa ku mawaya a dziko lino, ndipo kumwera konse kwa chipululu cha Sahara anali ochepa amene anali atayesako zotere.

Ntchito yake ndi iwiri, ndipo yosaonekayo ndiyo yaikulu. Yooneka ndi yakuti limamwa dzuwa la masana n'kulibweza madzulo, nthawi imene mababu, maayironi ndi ma TV a dziko lonse amayaka pamodzi. Yosaoneka ndi iyi. Magetsi a pamawaya a ESCOM amayenera kugunda ka 50 pa sekondi iliyonse. Ogwiritsa akachuluka kuposa opangidwa, kugundako kumatsika, ndipo kukatsika kwambiri makina amadziteteza podzizimitsa okha, awa pambuyo pa awa, mpaka Nsanje ndi Chitipa zonse zili mumdima. Tsono taganizani mtambo wakuda ukudutsa pamwamba pa mapanelo a ku Salima masana a dzinja. M'mphindi zochepa mamegawati makumi angapo asowa. Dziko lalikulu silingamve n'komwe, koma mawaya athu ndi aang'ono, ndipo panthawiyo analibe chingwe chachikulu chowalumikiza ndi a mayiko oyandikana nafe choti n'kutsamirapo. Makina a ku Nkula amafuna kanthawi kuti atsegule madzi n'kuwonjezera mphamvu. Batire silidikira. Sekondi isanathe lakankha kale magetsi pamawaya, ndipo wometa tsitsi ku Migowi, amene ali pamtunda wa makilomita mazana kuchokera ku Golomoti, amapitiriza kumeta osadziwa kuti makina ake anatsala pang'ono kuima pakati pa mutu wa munthu.

Funso limene limandikometsera nkhaniyi ndi lakuti analipira ndani. Mapanelo amalonda amawadziwa: dzuwa lituluka, magetsi agulitsidwa, ngongole ibwezedwa. Koma batire lalikulu pa mawaya aang'ono, m'dera lotentha, panalibe amene anali ndi umboni woti lidzabweza ndalama zake, ndipo banki sikongoza pa chinthu chopanda umboni. Mbali ya mabatireyo inathandizidwa ndi Innovate UK, bungwe la boma la Britain lopereka ndalama za kafukufuku, kudzera m'thumba lake lotchedwa Energy Catalyst. InfraCo Africa nayo imayendera ndalama za maboma a Britain, Netherlands ndi Switzerland. Ndiye kuti munthu wina wolipira msonkho ku Leeds, amene sangathe n'kutchula komwe dzina la Golomoti, anasonkha nawo kuti mainjiniya aphunzire mmene batire limakhalira pa mawaya a Malawi. Ndikanamupeza ndikanamugulira thobwa wozizira, pakuti masiku ano kwathu alipo.

Mukatsata mzu wake mupita patali kuposa pamenepo. M'zaka za m'ma 1970 Stanley Whittingham anapanga batire loyamba la lithium lotheka kutchajanso, koma linali losachedwa kuyaka moto. Mu 1980, pa sukulu ya ukachenjede ya Oxford, John Goodenough ndi anzake anapeza msanganizo wa lithium ndi cobalt wa mbali imodzi ya batire, umene unakweza mphamvu ya batirelo kwambiri. Sukuluyo sinaone phindu lake, moti ufulu wa nzeruyo unakathera m'manja mwa malo a kafukufuku a boma la Britain ku Harwell. Akira Yoshino wa ku Japan anapeza mbali inayo ya batire mu 1985, ndipo kampani ya Sony inayamba kuligulitsa mu 1991. Goodenough sanapume. Ali ku Texas, gulu lake linalengeza mu 1997 za mtundu wina wogwiritsa ntchito chitsulo ndi phosphate m'malo mwa cobalt, wotsika mtengo, wovuta kuyaka, wokhalitsa. Mabatire ambiri amene akuikidwa lero pambali pa minda ya mapanelo ndi m'nyumba ndi a mtundu umenewu. Atatuwa analandira mphotho ya Nobel mu 2019, Goodenough ali ndi zaka 97. Panadutsa zaka pafupifupi 40 kuchokera pa ntchito ya ku Oxford. Ndi wamalonda uti akanadikira zaka zonsezo, akulipira anthu osakaniza ufa wa miyala m'timbale?

Zitapsa, zinapsa mwachangu. Pakati pa 2010 ndi 2023 mtengo wa mabatire a lithium unatsika ndi pafupifupi 90 pa 100, makamaka chifukwa cha mafoni, magalimoto a magetsi ndi mafakitale a ku China, kumenenso boma linaikapo dzanja lake lolemera. Ku South Australia, namondwe atazimitsa magetsi chigawo chonse mu 2016, boma la kumeneko linaitanitsa batire la mamegawati 100 ku Hornsdale, limene linayamba ntchito kumapeto kwa 2017. Andale ena analinyoza kuti n'chidole. Posakhalitsa maiko ena anayamba kugula chidole chomwecho.

Kafukufuku wina anatsikira m'mudzi mwenimweni. Mu 2020, ku Mthembanji m'boma lomwelo la Dedza, akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Strathclyde, ndi ndalama za boma la Scotland, anagwirizana ndi bungwe la United Purpose kuimika kagetsi ka mudzi umodzi: mapanelo a makilowati 12, mabatire a lithium, ndi mawaya ofika m'nyumba ndi m'maokala pafupifupi 60. Mita iliyonse imatumiza uthenga wa mmene magetsi akuyendera, kotero ofufuza anatha kuona ola limene mudzi umadzuka, ola limene filiji imalimbana ndi kutentha, ndi ngati anthu a kumudzi amalipiradi. Amalipira. Ife tikanawauza kalekale, chifukwa amene anapalasa njinga makilomita ambiri chifukwa cha batire limodzi safunsidwa ngati amafuna magetsi.

Kwathu zinthu zinatembenuka pambuyo pa tsoka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, monga anachitira Napolo wa mu 1991 amene akuluakulu sanamuiwale. Ku Nkhulambe midzi inakokoloka, chipatala chinawonongeka, milatho inapita. M'dziko lonse anthu oposa 600 anapezeka atafa ndipo oposa 500 anasowa. Mapolo a magetsi anagona m'madzi. M'masiku amenewo nyumba imene inali ndi kasola kotchajira foni inasanduka likulu la mudzi, pakuti aliyense ankafuna kuimbira mbale wake kuti amve ngati ali moyo. Zitatha izo, anthu anasiya kuona batire labwino kuti n'chinthu cha manyado.

Alamu anga, akazi a achimwene, amene ali ndi okala pa kamsika komwe kaja, ndiwo anayamba. Atagulitsa nandolo n'kuwonjezera za banki mkhonde, anaitana mnyamata wina wa m'mudzi momwemo amene anaphunzira zamagetsi. Iye anakhoma mapanelo padenga, inveta pakhoma, n'kuimika pakona kabokosi kotuwa kolekeza m'bondo, kopanda zotsekera, kopanda fungo. Malume, pokhala katswiri wa mabatire wa dera lonse, anabwera kudzayang'anira ntchito atatenga botolo la madzi a batire ndi kawaya kawo kolawira.

"Pothira madzi ndi pati, mwanawe?"

"Palibe, madala. Ili silimwa madzi."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti lakhuta?"

"Muziona nambala pagalasipa. Koma kawayako bwezani m'thumba, chonde, mungatiotchere okala."

Malume analizungulira bokosilo, analigogoda ndi chala, n'kulengeza kuti batire losamwa madzi silingaone dzinja. Dzinja linabwera, linapita, lina linabweranso, bokosi likadali pakona pomwepo. M'kati mwake muli kakompyuta kamene kamayang'anira kutentha ndi mphamvu ya chigawo chilichonse, ndipo kakaona kuti anthu akufuna kulikama mopitirira, kamatseka kokha. Ofufuza aja anaganizira ngakhale khalidwe la malume. Batire la mtovu limatchajidwa kambirimbiri ndithu, koma mazana angapo basi latha. La mtundu uwu limafika masauzande.

Mukanauona okala wa alamu lero! Kale unkatsekedwa dzuwa likangolowa, iwo n'kumawerenga ndalama ndi tochi yoluma kukamwa. Pano filiji imalira usiku wonse, ndipo ana a sukulu akaweruka amapanga mzere wa mafirizesi ofiira ndi achikasu, milomo ili mitundumitundu. Muli chambiko, muli thobwa wozizira, ndipo asodzi obwera ku Chilwa amasungitsamo nsomba zawo zikatsala. Pashelefu pomwe panali palafini pali mafoni mbwee, iliyonse ndi kapepala ka dzina. Mphwanga wina anakoka waya kupita kuseri n'kutsegula pometera, ndipo kajenereta kofiira kaja ndiko mpando wa odikira kumeta. Kamagwira ntchito imeneyo bwino kuposa imene anakagulira.

Vidiyo sho nayo inasamukira pambali pa okala. Kanema wake ndi wopyapyala uja wokoleka pakhoma, amene amadya magetsi ochepa kuposa chibokosi chakale chija. Ndinaliko usiku wina wa mpira wa chikho. Mphindi 90 zinatha osagoletsana. Anawonjezera nthawi. Ndinaona achikulire ena akuyamba kusuzumira m'mbali mwa kanema, kudikira mdima uja kuti uyambe kulowa. Sunalowe. Zinafika pa mapenate, wina anaphonya, chisakasa chinagwedezeka ndi mfuu, anthu anatuluka akukangana za mpira osati za ndalama. Malume anali pampando wawo wa pafupi ndi khomo, chifukwa chizolowezi sichitha msanga. Onse atapita anakasuzumira pagalasi paja, nambala isanatsike n'kufika theka lomwe, ndipo anaseka okhaokha mpaka kutsokomola.

Akuluakulu a magetsi nawo anaona zimene Golomoti inachita. Mu Novembala 2024 ESCOM inakhazikitsa ntchito yomanga batire la mamegawati 20 ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, ndi thandizo la madola pafupifupi 20 miliyoni lochokera ku bungwe la Global Energy Alliance for People and Planet. Limeneli lilibe munda wake wa mapanelo. Ndi la mawaya a dziko lonse, loti lizimwa paliponse pamene magetsi atsala n'kubweza pamene aperewera. Kutsidya kwa malire, ku Cuamba m'chigawo cha Niassa, kumene anthu ake timagulana nawo chimanga ndi njinga, kampani ya Globeleq inatsegula mu 2023 munda wa mapanelo wokhala ndi batire losunga mayunitsi pafupifupi 7,000. Ku South Africa, Eskom inayatsa lake ku Worcester chaka chomwecho, la mayunitsi 100,000.

Wina asanene kuti ndaledzera ndi thobwa wa alamu. Magetsi akuzimabe. Mamegawati 5 a maola awiri sangalowe m'malo mwa Kapichira, ndipo batire silipanga magetsi, limangosunga amene alipo. Mitambo ya chiperoni ikatsekera dzuwa masiku angapo, bokosi la alamu nalo limapempha chifundo, filiji n'kuzimitsidwa kuti mafoni adye. Mtengo unatsika m'madola, koma ife timagula m'makwacha, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu 2023. Nyumba zambiri za m'chigwa zikadali pa tochi. Milu ija ya mabatire akufa nayo ikundidetsa nkhawa, chifukwa anyamata amawaswa n'kusungunula mtovu pamoto, ana akusewera pomwepo, pamene mtovu ndi poizoni wowononga ubongo wa mwana.

Pali chinanso chimene chimandiyabwa. Kuno komwe ku Phalombe, pa phiri la Songwe, kampani ya Mkango Resources yakhala ikufufuza miyala yosowa kwa zaka zambiri, ndipo mu 2024 inasainirana mgwirizano wa mgodi ndi boma. Anthu pamsika amati miyalayo ndi ya mabatire. Ayi, imeneyo imapita ku maginito a injini za magalimoto a magetsi ndi makina a mphepo. Wa mabatire ndi graphite, amene wapezeka wochuluka ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Choncho miyala tili nayo, dzuwa tili nalo, mavuto ofuna kafukufuku tili nawo ochita kusefukira: kutentha kwa m'chigwa kumene kumafupikitsa moyo wa batire, fumbi, mphezi, mabatire akufa. Achinyamata a ku MUST ku Thyolo ndi a ku MUBAS ku Blantyre mitu ali nayo. Wolipira msonkho wa ku Leeds wachita mbali yake, ndipo sindikuona chifukwa chimene msonkho umene alamu amadulidwa pa shuga ndi sopo usafikeko pang'ono m'zipinda zofufuzira za ana athu.

Malume zonsezi sizikuwakhudza. Iwo maso ali pa chigayo. Anamuitana mnyamata uja kuti awerengere mabokosi angati angayendetse chigayo cha ufa woyera usiku, popanda dizilo, popanda kudikira thiransifoma. Mnyamata anang'amba katoni ya sopo, anachulukitsa, anagawa, anafotokoza kuti injini ya chigayo imakoka mphamvu zambiri makamaka poyamba kuzungulira, kenako analemba chiwerengero cha ndalama n'kuchitsekera ndi dzanja.

"Madala, pakadali pano ndi mtengo wa nyumba ya malata ya zipinda zinayi. Dikirani kaye atsike."

"Kudikira? Msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale ndinayamba kuudikira ndili ndi tsitsi lonse, ndipo phula linafika ndikuona. Lemba tsiku pakatonipo, tidzawerengenso tikakolola."

Katoniyo anaipinda n'kuisunga m'Baibulo. Njerwa za nyumba ya chigayo aumba kale, ndipo akukangana ndi alamu za mbali imene khomo liyang'ane.